ECG Yalemba LBBB, Wodwala Akumva Kupweteka Pachifuwa: Muwerenge Bwanji?

Vutoli limabwera mobwerezabwereza, ndipo limakonda kubwera usiku. Bambo a zaka za m'ma 60 afika atagwira pachifuwa, thukuta lili kamukamu, akuti kunayamba ngati chilungulira atangodya nsima. Anesi ajambula ECG, chithunzi cha magetsi a mtima, pepala latuluka, pamwamba makina alemba LBBB (left bundle branch block), kutanthauza kuti nthambi ya kumanzere ya magetsi a mtima yaduka. Mukayang'ana mizere (ma lead) ya pachifuwa V1, V2 ndi V3, kachigawo kotchedwa ST kakwera moonekeratu. Mnzanu wina akuti ndi MI imeneyi, kufa kwa mnofu wa mtima chifukwa cha mtsempha wotsekeka, tiyambe mankhwala. Wina akuti pa LBBB ECG siwerengeka, tidikire troponin, muyeso wa m'magazi wosonyeza kuvulala kwa mnofu wa mtima. Onse awiri akulankhula zimene anaphunzitsidwa, ndipo onse awiri akhoza kuwapweteka bambowa: woyambayo powapatsa mankhwala osungunula magazi pomwe mtsempha uli bwinobwino, wachiwiriyo powagoneka m'wodi mpaka m'mawa mnofu wa mtima ukufa.

ECG ya LBBB imawerengeka. Imangofuna kuti musiye kufunsa ngati ST yakwera, n'kuyamba kufunsa mafunso awiri ena: yalowera kuti poyerekeza ndi QRS, chizindikiro cha kuyatsidwa kwa zipinda zam'munsi za mtima chimene chimatsogolera ST, ndipo yakwera motani poyerekeza ndi kukula kwa QRS yomweyo.

Chifukwa chake ST imakwera ngakhale mtsempha usanatsekeke

Magetsi a mtima akadutsa pa AV node, kamfundo ka pakati pa zipinda zam'mwamba ndi zam'munsi, amatsika pa bundle of His, kenako n'kugawikana nthambi ziwiri, ya kumanja ndi ya kumanzere. Nthambizi zili ngati misewu ya tala: uthenga umafika zipinda ziwiri zam'munsi nthawi imodzi, ndipo QRS imatuluka yopyapyala. Nthambi ya kumanzere ikaduka, chipinda cha kumanja chimalandira uthenga msanga, koma cha kumanzere, chomwe ndi chachikulu, chimaulandira mochedwa kudzera mu mnofu weniweniwo, selo ndi selo, ngati munthu amene wapeza mlatho utakokoloka n'kuyamba kuzungulira m'minda. N'chifukwa chake QRS imatambasuka kufika mamilisekondi 120 kapena kuposa.

Mtima umene wayatsidwa mokhota umazimanso mokhota. Choncho pa LBBB, ST ndi T (funde la kuzimako) zimaloza kosiyana ndi kumene QRS yaloza. Mu V1 mpaka V3, pomwe QRS imatsika ndi S yakuya, ST imakwera. Mu I, aVL, V5 ndi V6, pomwe QRS imakwera ndi R yotambalala, ST imatsika ndipo T imatembenuka. Mabuku amati discordance, ndipo pa LBBB ndi mmene zimayenera kukhalira. Kukwera kwa ST kumene mnzanu uja waona mu V2 kukhoza kukhala nkhope ya tsiku ndi tsiku ya mtima wa bambowa.

Musanapite patali, tsimikizani kuti ndi LBBB ndithu

Yambani ndi pakona pa pepala. Liwiro likhale 25 mm/s, msinkhu 10 mm/mV. Apo kabokosi kakang'ono kamodzi ndi mamilisekondi 40 m'mbali ndi milimita imodzi m'mwamba, ndipo timabokosi titatu ndiye 120 aja. Makina ena akaona QRS yaitali kwambiri amachepetsa okha msinkhu kufika 5 mm/mV kuti mizere isagundane. Mukapanda kuzindikira zimenezi, ST ya mamilimita awiri muiona ngati imodzi.

Kenako kumbukirani kuti si QRS yotambalala iliyonse imene ili LBBB. Potaziyamu wokwera amatambasula QRS, amasongola T, amafafaniza P (funde la zipinda zam'mwamba), ndipo nthawi zina amakweza ST mu V1 ndi V2. Wodwala impso, kapena amene wasiya kukodza, muganizireni zimenezi poyamba, chifukwa mankhwala ake ndi calcium gluconate, osati streptokinase wosungunula magazi. Ngati PR, mpata wochokera pa P kufika pa QRS, ndi yaifupi ndipo QRS ikuyamba mopendekeka, ganizirani WPW (Wolff-Parkinson-White), pomwe magetsi ali ndi njira yachidule yolambalala AV node. Ngati P palibe kapena sizikuyenda limodzi ndi QRS, mwina kugundako kukuchokera m'zipinda zam'munsi zomwezo. Ndipo tsegulani malaya, mupapase pansi pa fupa la m'khosi: pacemaker, kamakina koyendetsa kugunda kwa mtima, imamveka ndi dzanja pomwe tizizindikiro take pa pepala tili tosaoneka.

Funso loti ndi yatsopano kapena yakale

Ambiri a ife tinaphunzira kuti LBBB yatsopano pamodzi ndi kupweteka pachifuwa ndi chimodzimodzi STEMI, MI ya ST yokwera. Lamuloli linagwira ntchito zaka zambiri, koma zinaoneka kuti odwala ochuluka amene ankathamangitsidwa nalo mitsempha yawo sinali yotsekeka. M'chaka cha 2013 malangizo a American College of Cardiology ndi American Heart Association anasiya kuiona LBBB yatsopano payokha ngati umboni wa MI.

Kwathu kuno funsoli limavutanso mwa njira ina. Wodwala sabwera ndi ECG yakale, ndipo nthawi zambiri imene mwajambulayo ndi yoyamba m'moyo wake. Ndiye LBBB iliyonse imaoneka yatsopano, pomwe BP ya zaka zambiri yosalandira mankhwala, kapena mtima wotupa ndi wofooka, zinadula nthambi ija kalekale. Funsanibe, fufuzani m'buku la kuchipatala, chifukwa ECG yakale ikapezeka imathandiza kwambiri poyerekeza ST. Koma musamange chiweruzo chanu pa mawu oti yatsopano.

Zinthu zitatu zoti muzifunefune

M'chaka cha 1996 Elena Sgarbossa ndi anzake anasindikiza mu New England Journal of Medicine zimene anapeza atasanthula ma ECG a odwala 131 amene anali ndi LBBB komanso MI yotsimikizika. Odwalawa anachokera mu kafukufuku wamkulu wa GUSTO-1, wa anthu oposa 41,000. Anapeza zizindikiro zitatu.

Choyamba ndi ST yokwera milimita imodzi kapena kuposa mu lead imene QRS yake yakweranso. Apa ST yasiya kutsutsana ndi QRS, yayamba kuitsatira, ndipo pa LBBB zimenezi siziyenera kuchitika. Anachipatsa mapointi 5. Yang'anani kwambiri I, aVL, V5, V6, komanso II, III ndi aVF ngati QRS yake ikuloza m'mwamba. Lead imodzi yokha ndi yokwanira, simufunika ziwiri zoyandikana monga pa STEMI wamba. Mwa zitatuzi, ichi ndi chimene ndimachikhulupirira kwambiri.

Chachiwiri ndi ST yotsika milimita imodzi kapena kuposa mu V1, V2 kapena V3. Mapointi 3. Kumeneko QRS imatsika, ndiye ST imayenera kukwera. Ikatsika, khoma la kumbuyo kwa mtima ndi limene likulira, ndipo mukuliona mozondoka chifukwa mwaima kutsogolo. Chizindikirochi chimaphonyeka kwambiri chifukwa maso athu anazolowera kusaka ST yokwera basi.

Chachitatu ndi ST yokwera mamilimita 5 kapena kuposa mu lead imene QRS yake yatsika. Mapointi 2 okha. Popeza pamafunika mapointi 3 kuti munene kuti ndi MI, chachitatuchi pachokha sichikwana.

Mapointi akafika 3, mukhoza kukhulupirira: ndi odwala ochepa kwambiri opanda MI amene amafika pamenepo. Vuto lili mbali inayo. Kafukufuku wophatikiza wa m'chaka cha 2008 anaonetsa kuti muyeso umenewu umagwira pafupifupi wodwala mmodzi yekha mwa asanu amene ali ndi MI. Anayi otsalawo amadutsa osaoneka.

Pamene lamulo la mamilimita 5 limasokeretsa

Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitse, chifukwa zolakwika zambiri zimachitikira pano.

Kukwera kwa ST pa LBBB kumatsatira kuya kwa S. S ikakhala yakuya kwambiri, ST imakweranso kwambiri, popanda vuto lililonse la mtsempha. S ikakhala yaifupi, ST imayenera kukwera pang'ono chabe. Lamulo la mamilimita 5 siliona zimenezi, limayeza aliyense ndi ndodo imodzi.

Tengani agogo aakazi a BP ya nthawi yaitali, mtima wawo unanenepa makoma. Mu V2, S yatsika mamilimita 30, ST yakwera 6. Mwa lamulo lakale mudzidzimuka, chifukwa 6 waposa 5. Koma 6 pa 30 ndi gawo limodzi mwa magawo asanu, ndipo pa S yotere n'zoyenera. Tsopano tengani bambo ena, chifuwa chachikulu, mizere yawo yaifupi. Mu V3, S yatsika mamilimita 10, ST yakwera 3. Lamulo lakale likuti palibe kanthu. Koma 3 pa 10 waposa kota, ndipo mtsempha wa bambowa mwachidziwikire watsekeka.

M'chaka cha 2012 Stephen Smith wa ku Minneapolis ndi anzake anasintha chizindikiro chachitatu chija potengera odwala amene kutsekeka kwa mtsempha kunaonedwadi pa angiogram, chithunzi cha mitsempha ya mtima. Anati ST ikakwera milimita imodzi kapena kuposa, ndipo kukwerako kwafika kota ya kuya kwa S ya mu lead yomweyo, ndiye yapyola muyeso. Anasiyanso kuwerengetsa mapointi: chimodzi mwa zitatuzo chikapezeka, n'chokwanira. Pa odwala amene anayambira, njira imeneyi inagwira 91 pa 100 alionse. Ataiyesanso pa odwala ena m'chaka cha 2015, inagwira 80 pa 100, ndipo inanamizira pafupifupi mmodzi yekha pa 100 opanda kutsekeka.

Kawerengedwe kake sikafuna makina. Werengani timabokosi ta S, gawani ndi 4, yankho lake ndiwo malire a ST. S ya timabokosi 12, malire ndi 3. S ya 20, malire ndi 5. Ine ndimalemba manambala awiriwo ndi cholembera pambali pa lead iliyonse kuyambira V1 mpaka V4, kuti amene adzalandire wodwalayo m'mawa aone zimene ndinayeza, asangomva kuti ndinaganiza.

Manambala akamasemphana pakati pa anthu awiri

Anthu awiri akhoza kuyeza pepala limodzi n'kupeza zosiyana, ndipo kawirikawiri vuto ndi pomwe akuyezera. ST iyezedwe pa J point, pomwe QRS yathera. Pa LBBB, ST ya mu V1 mpaka V3 imakwera motsetsereka kupita ku T, ndiye mukasuntha timabokosi tiwiri kutsogolo, mwaonjezera kale mamilimita amene palibe. Mzere woyambira ukhale PR segment, ndipo S muiyezenso kuchokera pomwepo.

Ngati simukuona pomwe QRS yathera, pezani lead ina ya mu mzere wotsika womwewo imene mathero ake akuoneka bwino, ikani m'mphepete mwa pepala lina choimika, mutsitse mzere. Pa makina ambiri ma lead atatu osanjikizana amajambulidwa nthawi imodzi, choncho QRS imathera malo amodzi pa onse.

Mzere ukamayendayenda ngati mafunde chifukwa wodwala akupuma mwabefu kapena thukuta lamatula zomata, musayeze. Pukutani khungu, metani pang'ono ngati pali cheya, jambulaninso. Milimita imodzi ndi yochepa kwambiri moti mzere wogwedezeka ukhoza kuipanga kapena kuibisa. Mtima ukamathamanga kwambiri, ST ya LBBB imakweranso kuposa masiku onse, ndiye chotsani ululu, thandizani kupuma, mujambulenso liwiro likatsika.

Pali njira inanso imene gulu la ku Barcelona linasindikiza m'chaka cha 2020. Iwo amawerenga ST iliyonse yotsatira QRS ndi milimita imodzi, yokwera kapena yotsika, mu lead ina iliyonse. Amawerenganso ST yotsutsana ndi QRS ya milimita imodzi ngati QRS yakeyo siposa mamilimita 6. Chimene ndinatolapo ine ndi kuyang'anitsitsa ma lead a QRS yaing'ono, amene maso amawadumpha pothamangira V2 ndi V3. Za tizizindikiro takale ta Cabrera ndi Chapman, timako tating'ono pa S kapena pa R, musatayepo nthawi: timasowa mwa odwala ambiri a MI.

Zonse zitatu palibe, koma wodwala sakuoneka bwino

Kusapezeka kwa zizindikirozi sikutsuka wodwala. Ngakhale njira ya Smith imaphonya mmodzi mwa asanu.

Ndikukumbukira mayi wina wa shuga amene anabwera ndi befu ndi kulemera pachifuwa. ECG yoyamba inali LBBB yooneka yamtendere: mu V3, S ya 16, ST ya 2. Ndinasiya zomata zija pachifuwa, ndinapempha anesi kuti tijambulenso pakatha mphindi 20. Yachiwiri, S inali itafupika kufika 12, ST itakwera kufika 3. Mu aVL, momwe ST inali yotsika poyamba, inali itabwerera pa mzere. Pepala loyamba palokha silikanandidzidzimutsa, ndipo lachiwiri linangofika pa malire, koma nditawaika pamodzi pa tebulo nkhani inaonekeratu. LBBB yakale siisintha nkhope m'mphindi 20. Ikasintha, china chake chikuchitika mu mnofu.

Choncho ECG yoyamba ijambulidwe pasanathe mphindi 10 wodwala atafika, ndipo ululu ukamapitirira mubwereze mphindi 15 mpaka 30 zilizonse. Lembani nthawi pa pepala lililonse. Ngati muyenera kuchotsa zomata, ikani timadontho ta cholembera pakhungu, chifukwa V3 ikasuntha pang'ono, S imasintha ndipo mudzayerekeza zinthu zosiyana.

Troponin yoyamba ikhoza kukhala yabwinobwino ngati ululu wangoyamba kumene, ndipo mwa wodwala impso kapena wa mtima wofooka ikhoza kukhala yokwera masiku onse. Imene imathandiza ndi yachiwiri, pakapita maola, kuona ngati ikukwera. Sikani ya mtima imathandizanso, koma samalani: LBBB payokha imagwedeza khoma la pakati modabwitsa. Yang'anani nsonga ya mtima ndi makoma ena, muone ngati pali limene laleka kufinya.

Ndipo wodwala wa LBBB amene manja azizira, BP yagwa, mapapo adzaza madzi, ululu sukusiya, mumuone ngati wa mtsempha wotsekeka ngakhale pepala lisanavomereze. Itanani wamkulu wanu nthawi yomweyo.

Wodwala wa pacemaker

Waya wa pacemaker ukakhala m'chipinda cha kumanja, magetsi amayambira kumanja n'kuyenda mu mnofu kupita kumanzere, ndiye chithunzi chimafanana ndi LBBB. Mafunso ndi omwe aja, ndipo kafukufuku wa m'chaka cha 2021 anaonetsa kuti njira ya Smith imagwiranso ntchito pamenepa. Kusiyana kwake n'kwakuti QRS imakonda kutsika mpaka V5 ndi V6, choncho ST yotsika muifunefune m'ma lead onse a pachifuwa. Kugunda kwina kukakhala kwa mtima weniweni, osati kwa makina, kuwerengeni mwa masiku onse, koma T yotembenuka musaidalire, chifukwa mtima umene wakhala ukuyendetsedwa ndi makina umasunga T yotero kwa kanthawi.

RBBB ndi nkhani ina

Anthu ena amatenga mantha a LBBB n'kuwaika pa RBBB, kuduka kwa nthambi ya kumanja, n'kumati nayonso siwerengeka. Ayi. Pa RBBB chipinda cha kumanzere chimayatsidwa mwa njira yake yabwino, ndiye ma Q a MI amaoneka, ndipo ST yokwera muiwerenge monga pa wina aliyense. Malamulo a Sgarbossa sagwira ntchito pano.

Msampha uli mu V1 mpaka V3. Kumeneko QRS imathera ndi R yachiwiri yaitali, choncho ST imayenera kutsika pang'ono ndipo T kutembenuka. ST ikakwera ngakhale milimita imodzi, kapena R yachiwiriyo ikamatsetserekera mu ST osabwerera pa mzere, si zabwino. Gwiritsani ntchito mzere woimika uja kuti mudziwe pomwe QRS yathera. Mukaona RBBB pamodzi ndi axis yopendekera kwambiri kumanzere, QRS yotsika mu II, III ndi aVF, mwa munthu wa ululu pachifuwa, ganizirani kuti LAD, mtsempha wodyetsa khoma la kutsogolo kwa mtima, yatsekeka chakumtunda. Nthambi ya kumanja ndi kanthambi ka kutsogolo ka kumanzere zimamwa magazi kuchokera ku timitsempha ta LAD tolowa m'khoma la pakati, ndiye zikafa pamodzi ndi chizindikiro choti dera lovulala ndi lalikulu. Odwala amenewa amagwa mwadzidzidzi. Malangizo a European Society of Cardiology a 2017 anati wodwala wa RBBB amene ululu sukusiya aganiziridwe zotsegula mtsempha mwamsanga.

Mtima ukamagunda pang'onopang'ono

Nthawi zina chimene chimakopa maso ndi liwiro: 38 pa mphindi, P zikuyenda zokha, QRS zokha. Aliyense athamangira atropine wofulumizitsa mtima n'kuiwala kuyang'ana II, III ndi aVF. Mwa anthu pafupifupi 9 pa 10 alionse, AV node imadyetsedwa ndi mtsempha wa kumanja, womwe umadyetsanso khoma la pansi. Choncho heart block yatsopano, kuduka kwa uthenga pakati pa P ndi QRS kumeneku, ndi chifukwa choti musake MI ya khoma la pansi. QRS ikakhala yopyapyala, ST iwerengeni mwachindunji, muonenso ngati yatsika mu aVL. Samalani ndi P zogwera pa ST, zimene zimaoneka ngati kukwera: yezani pa kugunda kumene P ili patali. Onjezani V4R, lead ya kumanja kwa chifuwa, ndipo ikakwera musapereke nitrate, chifukwa chipinda cha kumanja chavulala ndipo BP idzagwa.

Pofika popereka mankhwala

Kumene kuli cath lab, chipinda chotsegulira mitsempha ya mtima, yofikika pasanathe mphindi 120, kukayikira kumathera pa angiogram. Kumene kulibe, chiweruzo ndi cha mankhwala osungunula magazi, ndipo amenewa sabwezeka akalowa. Mu GUSTO-1 momwemo, pafupifupi wodwala mmodzi pa 200 alionse amene analandira streptokinase anataya magazi mu ubongo. N'chifukwa chake sindipereka mankhwalawa chifukwa chongoona LBBB, ndipo sindiwamana munthu amene ST yake yatsatira QRS mu aVL, ululu uli mkati mwa maola 12.

Aspirin wa 300 mg wotafuna asachedwe ngati palibe choletsa. Streptokinase asanalowe, yezani BP mikono yonse iwiri, funsani ngati ululu ukung'amba kupita kumsana, funsani za sitiroko, za opaleshoni ya posachedwa, za chimbudzi chakuda, komanso ngati analandirapo streptokinase kale. BP yoposa 180/110 itsitsidwe kaye. Mlingo wake ndi mayuniti 1.5 miliyoni m'mphindi 30 mpaka 60, defibrillator ili pambali pa bedi, inu muli pomwepo. Pakatha mphindi 60 mpaka 90 jambulaninso, muyeze lead yomwe ija pa J point pomwe paja, mulembe nambala yatsopano pansi pa yakale.